Alenje a Tumabokosi M'mbali mwa Nyanja ya Mcere

Mlenje wa mbewa amawerenga nthaka. Akaona mpita amautsata mofatsa kufikira atapeza una. Kumaiko a kutali kulinso alenje a mtundu wina, amene sanyamula khasu kapena msampha, koma lamya ya m'manja. Iwowa amasaka tumabokosi tobisidwa ndi anzao osawadziwa, ndipo masewerawa amachedwa geocaching.

Masewerawa anayamba m'mwezi wa May 2000. Boma la America litaleka kusokoneza dala zizindikiro za GPS zocokera ku masetilaiti, anthu wamba anayamba kudziwa malo amene aimapo molondola. Pa 3 May, Dave Ulmer anabisa cidebe cakuda pafupi ndi Beavercreek ku Oregon, nalengeza manambala a malowo kuti ena akacipeze. Mwambo wake udakali womwewo. Wopeza bokosi amalemba dzina lake m'kabuku kali m'katimo. Akatenga kanthu asiyepo kena kolingana nako, ndipo abwezere bokosilo pamene analipeza. Kukumba pansi nkoletsedwa.

Mlenje wotere akafika mu mzinda wa Nice ku France, mapazi ake amamufikitsa pa Promenade des Anglais, mseu woyendamo anthu wa makilomita 7 m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Lamya imangomusendeza pafupi. Zotsalazo ndi nchito ya maso ndi zala. Amasuzumira kunsi kwa mipando ndi kupapasa zitsulo za mpanda, pakuti m'mizinda tumabokosi tambiri ntating'ono ngati cala ndipo timamatira ndi maginito. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo wodekhayo ndiye amayamba kufunsa za amene anakonza mseu wokongolawu. Nchitoyi inayambika mu 1822, pamene Nice sinali mbali ya France. Mbusa Lewis Way ndi Angelezi anzake olemera, amene anali kuthawirako cisanu ca kwao, anasonkha ndalama nalemba amphawi osowa nchito kuti alambule njirayo. Dzina la mseuwo limakumbutsa Angelezi, koma manja amene ananyamula miyala anali a anthu osauka.

Mlenje yemweyo akaolokera ku England, kwao kwa Angeleziwo, amapeza mbiri yosiyana mu mzinda wa Blackpool, m'mbali mwa Irish Sea. Uku sikunakule ndi ndalama za mabwana ocepa ai. Njanji itafika mu 1846, anchito a m'mafakitale a thonje a ku Lancashire anayamba kubwera mwaunyinji pa sabata imene makina anali kutsekedwa caka ndi caka. Tindalama tao tosunga movutikira ndito tinalemeretsa mzindawo. Wosaka bokosi kumeneko amayenda pansi pa nsanja ya Blackpool Tower, yotalika mamita 158, imene inatsegulidwa mu 1894. Pambali pake pamadutsa matramu a magetsi, pa njira imene inayamba kugwira nchito mu 1885.

Komabe masewerawa ali ndi vuto lake. Munthu wopapasa kunsi kwa mpando pakati pa khamu amakayikitsa. Mu 2011, m'tauni ya Wetherby ku England, akatswiri a mabomba anaphulitsa kabokosi ka masewerawa atakaganizira kuti ndi bomba. Ku Nice nakonso anthu sanaiwale za 14 July 2016, pamene cigawenga cinayendetsa lole pakati pa khamu pa mseu womwewu ndi kupha anthu 86. Cifukwa cace wobisa ayenera kupempha cilolezo kwa eni malo ndi kulemba pa bokosi lake cimene liri.

M'kabokosimo mulibe cuma cogulira ngakhale thumba la ufa. Muli kapepala ka maina, mwina ndi kadoli ka mwana. Cimene cimasunga masewerawa ndi cikhulupiriro cokha: wobisa amasiya kanthu kake pabwalo, podalira kuti mlendo amene sadzamuona konse adzakabwezera pamalo pake. Wina akangoika kabokosiko m'thumba, onse obwera pambuyo pake amayenda ulendo wacabe. Mlenje woona akatha kulemba dzina lake pansi pa maina a anthu a zilankhulo zina, amatseka bwino civindikiro kuti mvula ingalowe, nabwezera kabokosiko kunsi kwa citsulo cija.