Kuima Kumbuyo kwa Munthu

Anthu ambiri amaganiza kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo amasankhidwa tsiku limene Amalawi amalawirira mbandakucha kukaponya voti m'bokosi ndi kuviika chala mu inki. Koma zoona zake n'zakuti m'madera ambiri a dziko lino nkhani imakhala itatha kale kudakali miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Imathera pa chisankho chachipulula, pamene chipani chimasankha munthu woti adzachiimire, ndipo amene amaigamula ndi kagulu kochepa ka anthu ondanda padzuwa pabwalo la sukulu.

Chifukwa chake chidaonekera poyera pa 17 Meyi 1994, pa chisankho choyamba chibwerereni ulamuliro wa zipani zambiri. Chipani cha AFORD chidatenga mipando yonse 33 ya chigawo chakumpoto, cha MCP chidakolola kwambiri pakati, pamene cha UDF chidasesa kummwera. Kumene chipani chazika mizu chotere, anthu amavotera mtundu wa nsalu ndi chizindikiro, kotero kuti wopambana pa chipulula amayamba kutchedwa "olemekezeka" asanalumbire n'komwe.

Tsono chodabwitsa n'chakuti chisankho cholemera chonchi chilibe mwini wochiyang'anira kunja kwa chipani. Bungwe loyendetsa chisankho m'dziko muno silifikako. Chipani chilichonse chimadzikonzera malamulo ake, ndipo kawirikawiri sichilola wochitsatira aliyense kuvota. Ovota amakhala nthumwi zochokera m'makomiti a m'madera: a abambo, a amayi ndi a achinyamata. N'chifukwa chake mkangano woyamba sukhala wakuti woyenera ndani, koma wakuti makomiti enieni ndi ati. Pamamveka madandaulo akuti makomiti ena amera usiku ngati bowa, ena afufutidwa m'kaundula, kapena kuti malo ovotera asinthidwa mwadzidzidzi opikisana ena osauzidwa. Wolemba mndandanda wa nthumwi amakhala atawerenga kale theka la mavoti.

Kavotedwe kakenso kali ndi pake. Kwa zaka zambiri njira yozolowereka yakhala yakuti opikisana amaima kutsogolo atafulatira gulu, nthumwi n'kundanda kumbuyo kwa munthu amene zamukonda, akuluakulu ochokera kulikulu la chipani n'kumawerenga mitu. Oikira kumbuyo njirayi amati njosaboola m'thumba ndiponso njovuta kubera, popeza mzere wautali aliyense amauona ndi maso. Mfundoyi ili ndi nzeru ndithu. Vuto lake n'lakuti maso omwe akuona kutalika kwa mzere amaonanso nkhope ya aliyense amene ali mumzeremo.

Kudera lina la chigawo chapakati kudali mayi wina wamasiye, mlembi wa komiti ya amayi. Mwamuna wake atamwalirira kuchipatala cha paboma, phungu wa deralo ndiye adatumiza galimoto yonyamula maliro, bokosi ndi matumba awiri a chimanga. Mayiyo sadapemphe zimenezi, koma adazilandira ndi manja awiri chifukwa pakhomo padalibe ndi nkhuku yomwe yoti n'kugulitsa. Patapita zaka ziwiri chipulula chidafika, ndipo amene adadzambatuka kudzapikisana ndi phunguyo adali mphunzitsi wopuma pantchito, munthu wodekha amene adaphunzitsa ana onse a mayiyo ndipo ankadziwa mlatho uliwonse wothyoka m'deralo. Mumtima mwake mayiyo adaona kuti mphunzitsiyo ndiye woyenera.

Madzulo ake, mawa lili tsiku la chisankho, wapampando wa dera adafika pakhomo, nakana mpando ponena kuti sakhalitsa.

"Mayi, mawa tikaonane pamzere. Bwana sadaiwale maliro aja, ndipo ndikhulupirira kuti nanunso simudaiwale."

"Ndamva, bambo. Munthu saiwala amene adamuthandiza kulira."

Kutacha adakaima kumbuyo kwa phungu, atazyolika, mpango ataukokera kumaso. Mphunzitsi uja sadamuone popeza adali atafulatira, koma adzukulu ake amene adakhala pamthunzi wa mtengo wa mango adamuona bwino lomwe. Mzere wa mphunzitsiyo udafupika ndipo adagwa. Komabe sadagonje: adakalembetsa ngati woima payekha, ndipo pa tsiku la chisankho chachikulu mayi uja, ali yekha m'kachipinda kovotera, adachonga pa dzina lake.

Wina anganene kuti mayiyu adali wachiphamaso, wodya uku ndi uku. Kumeneko n'kuweruza mopupuluma. Iye adangoyankha mafunso awiri osiyana amene malamulo awiri osiyana adamufunsa. Mzere udamufunsa kuti, "Kodi uli ndi ngongole kwa yani?" pamene bokosi lachinsinsi lidamufunsa kuti, "Kodi ukufuna yani?" Mudzi umene munthu adzafunenso galimoto ya maliro mawa suli malo oyeserapo kulimba mtima pamaso pa anthu.

Kuti anthu onga mayiyu ngochuluka, ziwerengero zikuchitira umboni. Pa chisankho cha 2014, mwa mipando 193 ya Nyumba ya Malamulo, 52 idapita kwa aphungu oima paokha, kuposa imene chipani chilichonse chidapeza. Mu 2019 oima paokha adakwana 55, kufanana ndi aphungu a MCP, pamene DPP idapeza 62. Ambiri mwa iwo sadali alendo pandale ayi, adali ana a zipani zomwezo amene adagwa kapena kugwetsedwa pa chipulula. Chotsatira chake chimaseketsa ndi kumvetsa chisoni nthawi imodzi. Chipani chimene dzulo chinkamunena munthu kuti ngwoukira, lero chimamulandira ndi nyimbo ndi nthungululu chifukwa chikufuna manambala m'Nyumba ya Malamulo, ndipo amene adakhulupirika poimira chipanicho amasiyidwa padzuwa ndi ngongole zake. Otsatira akaona zotere amaphunzirapo kuti chilango cha chipani n'chiopsezo chabe.

Nanga mphamvu ya phungu yomangira nthumwi imachokera kuti? Ina imachokera m'thumba mwake, monga bokosi lija, koma ina imachokera m'thumba la boma. M'chaka cha 2006 boma lidakhazikitsa thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, lotchedwa CDF. Nthawiyo n'kuti dziko lilibe makhansala, popeza amene adasankhidwa mu 2000 nthawi yawo idatha mu 2005, ndipo ena sadasankhidwenso mpaka 2014. Kwa zaka zisanu ndi zinayi phungu ndiye adali nkhope yokhayo yosankhidwa imene anthu akumudzi ankaidziwa. Mjigo ukakumbidwa unkatchedwa wa phungu, mdadada wa sukulu ukafoleredwa unkatchedwa wa phungu, ngakhale kuti ndalama zake zidali misonkho ya anthu omwewo amene ankavina pothokoza. Thumbalo lidanka likulirakulira mpaka lidafika K100 miliyoni pa dera lililonse mu 2022.

Palibe angatsutse kuti ndalamazi zamanga zinthu zenizeni. Mwana amene kale ankajomba kusukulu mtsinje ukadzaza, lero amawoloka pa kamlatho, ndipo kwa iye zilibe kanthu kuti kadatchedwa dzina la yani. Koma pali mafunso amene safunsidwa pa mwambo wotsegulira: adasankha ndani kuti mlatho ukhale pano osati uko? Adapatsidwa ntchito yotuta mchenga ndi kuumba njerwa ndani? Ngati mayankho ake akuloza kwa anthu omwe aja a m'makomiti a chipani, ndiye kuti ndalama za boma zayenda ulendo wozungulira n'kukathera pamzere wa pabwalo la sukulu. Ntchito yeniyeni ya phungu, yopanga malamulo, kuvomereza ndondomeko ya chuma ndi kulondoloza boma, imasanduka nkhani yakutali. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo lamulo lokambidwa ku Lilongwe silinunkhira ngati thumba la simenti limene latsitsidwa pamudzi. Wovota alibenso njira yomuchotsera phungu pakati pa ulendo, pakuti gawo 64 la malamulo aakulu a dziko, limene linkapereka mphamvu imeneyo, lidachotsedwa mu 1995.

Amene amapwetekeka kwambiri ndi dongosolo lotere ndi anthu a nzeru koma opanda chuma, makamaka amayi ndi achinyamata. Iwowa amagwa mpikisano usanayambe, chifukwa sangathe kuyendera makomiti onse ali ndi kanthu m'manja.

Kuyesa kukonza zinthu kwakhalapo. Mu Meyi 2025 bwalo lalikulu la milandu, litakhala ngati bwalo lomasulira malamulo aakulu a dziko, lidagamula kuti n'kulakwira malamulowo kuti aphungu aziyendetsa nawo thumba la CDF ndi kuvota m'makhonsolo, popeza wolondoloza ndalama sangakhalenso wozigawa. Zisanachitike izi, mu 2018, padakhazikitsidwa lamulo la zipani zandale loletsa kugawa ndalama ndi mphatso pofuna kukopa ovota. Koma lamulolo lidasiya khomo lotsegula pa zinthu monga zovala za chipani, chakudya cha pamsonkhano ndi mayendedwe. Tsono m'dera lalikulu, nthumwi yochokera kuseri kwa phiri singayende wapansi kukafika kumalo ovotera. Imakwera lole imene mmodzi mwa opikisana walipira, imadya nsima imene iye waphikitsa, kenaka n'kutsikira pabwalo pamene mwini loleyo waima atafulatira, dalaivala wake atatsamira chitseko cha galimoto akuyang'ana mizere.