Kabuku ka ana kanandithandiza pa Physics

Anzanga, teremu yatha ndinapeza 11 pa 50 pa mayeso a Physics. Mutu wa magetsi ndi umene unandigwetsa. Kwathu kulibe magetsi a ESCOM, timaunikira tochi, ndiye mawu ngati current ndi voltage ankangondidutsa m'makutu. Buku lalikulu lija timalimbirana anthu asanu, ndipo ukangolitsegula wakumana kale ndi ma formula.

Tsiku lina mu laibulale ndinapeza kabuku kopyapyala, kong'ambika chikuto, kolembera ana a ku pulayimale. Ndinachita manyazi moti pobwereka ndinakabisa m'kope. Koma kanafotokoza mosavuta: magetsi amayenda pokhapokha njira yake ikakhala yozungulira, kuchoka ku batire, kudutsa m'babu, n'kubwereranso ku batire. Ukadula penapake, basi mdima.

Madzulo ndinazula mabatire awiri mu wailesi ya abambo, n'kupeza waya ndi kababu ka tochi yakale. Ndi batire limodzi kankayaka mofooka. Nditalumikiza awiri motsatizana, 1.5 volts kuphatikiza 1.5 kukhala 3, kanawala kuti ngwee! Abambo anandikalipira zedi chifukwa anaphonya nkhani za pa wailesi, koma series circuit ndinaimvetsa usiku womwewo.

Kabuku kotere pakokha sikangakukhozetse JCE, mafunso amafuna buku lalikulu lomwe lija. Kungoti pano ndikalitsegula sindiliopanso. Ngati phunziro lina likukusautsa, yamba ndi kabuku kakang'ono, manyazi uwasiye panja. Kanga ndabweza, kali pa shelefu yapansi. Chonde osang'amba masamba.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2