Njanji ya ku Britain ndi Njanji ya Kwathu

Abale anga a kumudzi, ndi inu nonse amene muli m'maiko a eni monga ine, ndiloleni ndiyale pamaso panu nkhani imene yakhala ikundisautsa mtima chifikire kuno ku Britain, kumene sitima yapamtunda ndiyo miyendo ya munthu wamba, pamene kwathu ana ambiri akukula osaikwerapo ndi kamodzi komwe.

Anthu a kuno anaika njanji zawo m'manja mwa boma m'chaka cha 1948, ndipo zinakhala chomwecho kufikira masiku a John Major, amene boma lake, pokhulupirira kuti wamalonda asamala koposa kalaliki wa boma, linagawa British Rail zidutswazidutswa kuyambira 1994, njanji kuipatsa kampani ya Railtrack, udindo woyendetsa sitima kuupatsa makampani ena. Koma pamene njanji yong'aluka inagubuduza sitima pa Hatfield mu 2000, niphetsa anthu anayi, kunaonekera poyera kuti amene anapatsidwa udindo wokonza anali atautaya. Railtrack inagwa, ndipo Network Rail, imene lero ili ya boma, inalowa m'malo mwake mu 2002. Tsono mu 2024 nyumba ya malamulo inavomereza kuti sitima za anthu zibwerere kwa boma, ndipo South Western Railway inayamba kubwerera mu 2025.

Chimene ndifuna muchisunge, komabe, ndi ichi: ngakhale m'zaka zimene makampani anali pampando, boma la kuno silinasambe m'manja, pakuti linawamanga ndi pangano lonena sitima zoyenera kuyenda tsiku lililonse, linaika malire pa mitengo ya matikiti ena, ndipo linathira ndalama za msonkho kuti ndi siteshoni ya kumudzi yomwe isatsekedwe. Matikiti ngodula, inde, ndipo anthu adandaula kosaleka, koma sitima imabwera.

Nanga kwathu? Njanji imene inafika ku Blantyre kuchokera ku Nsanje mu 1908, nifika ku Salima mu 1935, ndi imene boma la Kamuzu linailumikiza ndi doko la Nacala kudzera pa Nkaya ndi Nayuchi mu 1970, lisanaitambasulire ku Lilongwe ndi ku Mchinji, tinaipereka mu 1999 kwa kampani ya Central East African Railways. Ndipo sindinena kuti Malawi Railways, kampani ya boma imene inkaiyendetsa kale, inali yangwiro, popeza nkhondo ya ku Mozambique inali itaidula kale miyendo, ndi chuma chake chinali chitaphwa. Sindikananso kuti ndalama za akunja zinagwira ntchito, chifukwa kampani ya Vale inayala njanji yatsopano yolimba yonyamula malasha kuchokera ku Moatize, yodutsa m'dziko lathu kunka kunyanja yamchere. Koma taimani pa Liwonde, muone mabogi a malasha akudutsa m'ndandanda wosaoneka mathero ake, kenaka mufunse mayi wa dengu la tomato kuti sitima yake ya ku Limbe idza liti. Pamenepo mudzazindikira amene njanjiyo inayalidwira.

Ndipo chimene chindiwawa koposa ndi cha abale athu a ku chigwa cha Shire, amene madzi anawakokololera njanji pa Chiromo mu 1997, nakhala zaka zoposa makumi awiri akuyang'ana zitsulo zikumera thengo, pakuti kumeneko kunalibe malasha okopa wamalonda; ndipo potsiriza ntchito yokonza kuchokera ku Marka kufika ku Bangula inagwera boma lathu, ndiye kuti thumba la inu ndi ine.

Akulu anati safunsa anadya phula. Wamalonda sindimuda, pakuti atsata phindu monga mwa chibadwa chake. Mlandu ndiuika pa ife eni dziko, amene sitinaumirire kuti wonyamula malasha anyamulenso anthu mokwanira. Chifukwa chake ndipempha aphungu athu kuti pangano la njanji liwerengedwe poyera m'nyumba ya malamulo, kuti mlimi wa ku Balaka ndi wa ku Nsanje amve ndi makutu ake kuti analonjezedwa sitima zingati pa sabata, ndi chilango chimene kampani ilandira ikapanda kuzitumiza.