Ulendo wa ku Joni ndi khanda m'mwezi wa Ramadhan



Chaka chilichonse tikafika pophunzitsa ana a ku madrasa za anthu amene aloledwa kumasula swaumu, timakumbuka mzinda wa Tete. Mutuwu ndi wosavuta: wodwala, wapaulendo, mayi woyembekezera ndi mayi woyamwitsa. Ana amauloweza tsiku limodzi. Ifenso tinauloweza tili aang'ono, ndipo takhala tikuuphunzitsa kwa zaka zambiri. Koma litafika tsiku loti tiugwiritse ntchito pabanja pathu tinalephera, ndipo amene akanavulala ndi kulephera kwathuko anali mwana wathu wa miyezi 8.

Inali Ramadhan ya 2023, kumayambiriro kwa Epulo. Achimwene athu aakulu amene amagwira ntchito ku Johannesburg anagonekedwa m'chipatala, ndipo abale anagwirizana kuti tipiteko ife ndi mayi a kunyumba, chifukwa alamu athu kumeneko anali okha ndi ana ang'onoang'ono. Mapasipoti tinali nawo kale, ya mwana yomwe, poti tinkalingalira zokacheza kumeneko pambuyo pa Eid. Kumusiya mwana sikukanatheka, anali akuyamwa. Komatu nyengo inali yoipa kuyenda ndi khanda. Namondwe Freddy anali atangowononga kumene chigawo cha kummwera, kolera imene inayamba mu 2022 inali itapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ku Mozambique ndi ku Zimbabwe, komwe msewu wathu umadutsa, inalikonso.

Tisananyamuke ku Mangochi tinapita kusikelo ndi buku la mwana. Mlangizi wa zaumoyo anaona kuti akatemera onse a miyezi yoyambirira analandira, kwangotsala wa chikuku wa pa miyezi 9, ndipo anati bukulo lisasiyane ndi pasipoti. Anatiuza kuti titenge mapaketi a Thanzi, mapiritsi a zinki, sopo, panado wamadzi wa ana, madzi a m'mabotolo osatsegula, kapu ndi supuni. Pomaliza anayang'ana mayi a kunyumba n'kunena kuti, "Inu panjira muzikamwa madzi, musakasale." Tinayankha kuti tamva, ngati mmene timayankhira tonse tikamafuna kuti nkhani ithe.

Tinagona ku Limbe kwa abale. Pa daku tinaona mayi a kunyumba akudya nafe, ndipo tinadziwa kuti apanga niya. Tinawafunsa kamodzi kokha, mwaulesi. Iwo anati, "M'basimo theka la anthu ndi a kwathu ku Mangochi ndi Machinga. Akaona mkazi wa mwalimu akumwa madzi masana a Ramadhan, nkhani ikafika kumudzi ife tisanafike n'komwe ku Mwanza." Lamulo tinkalidziwa bwino, koma tinakhala chete. Kunena zoona, mumtima tinakondwera nazo.

Amene simunayendepo njirayi mudziwe kuti m'basi mumathamo tsiku ndi theka kapena kuposa. Mumatuluka pa Mwanza n'kulowa pa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kutuluka pa Cuchamano n'kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare usiku, kenako Beitbridge. Pa chipata chilichonse aliyense amatsika n'kuima pamzere, padzuwa, mwana ali kumsana. Ndipo mukangotsika mapiri a ku Zobue kulowera kuchigwa, kutentha kwake n'kwa mtundu wina. Ife a kunyanja timadzitama kuti dzuwa tinalizolowera, koma la ku Tete limaotcha ngati wayandikira ng'anjo ya njerwa. Tsiku limenelo makina oziziritsa m'basi anasiyanso kugwira ntchito.

Pofika masana mayi a kunyumba mutu unali ukuwawa, milomo itauma, akaimirira chizungulire. Mwana tinali titamuveka chipewa cha ulusi ndi kumukulunga shawelo, monga timachitira tonse kuopa mphepo. Ankagwira bere, kulisiya, n'kulira. Poganiza kuti ndi njala, basi itaima pa Tete tinamudyetsa phala limene linaphikidwa pa nthawi ya daku, lomwe linali litakhala m'kontena maola oposa 8 m'kutentha kumeneko. Manja tinangowapukuta pa kanzu. Tisanafike pa Cuchamano, mwana anali atatsegula m'mimba kawiri.

Mbali inayo ya mpando wathu kunali agogo ena aakazi, tasbihi ili m'manja chichokereni ku Blantyre. Anatikodola.

"Amwalimu, mwanayu wakodza kangati lero?"

Tinayang'anana. Anali atakodza kamodzi kokha, m'mawa tili pa Mwanza.

Agogowo sanafunsenso china. Anamuvula mwana chipewa ndi shawelo, anamugwira paliwombo, anayang'ana m'maso ndi m'kamwa. Kenako anatsegula botolo lathu la madzi n'kuwapatsira mayi a kunyumba m'manja. "Mwana wanga, imwa. Tsikuli udzabweza kukazizira. Amene akufuna kulankhula abwere alankhule ndi ine." Atatero anatembenukira kwa ife: "Inu mumaphunzitsa chiyani ku madrasako?" Funso limeneli sitinaliyankhe, ndipo mpaka lero likatibwerera timagwetsa nkhope.

M'basi simusowa asing'anga. Wina anati liwombo likalowa mankhwala ake ndi opaka pamutu. Wina anatulutsa piriton kuti mwana agone, anthu apume. M'bale wina, ndi mtima wabwino ndithu, anatipatsa uchi umene anasungira futari, nati ndi mankhwala a Sunnah. Zonsezi agogo aja anazikana, ndipo titafunsa kwa azaumoyo pambuyo pake anatiuza kuti anachita bwino. Liwombo limalowa chifukwa madzi achepa m'thupi, choncho chofunika ndi kumwetsa, osati kupaka. Mwana womugoneka ndi mapiritsi sayamwa, ndiponso simungadziwe ngati wagona kapena walefuka. Uchi ndi wabwino kwa ife akuluakulu, koma sapatsidwa mwana wosakwana chaka, chifukwa umatha kukhala ndi tizilombo timene matumbo a khanda sangalimbane nato.

Chimene chinagwira ntchito ndi chija tinapatsidwa kusikelo. Tinasamba m'manja ndi sopo, wina akutithirira madzi pakhomo la basi. Paketi imodzi ya Thanzi tinaisungunula mu lita imodzi ya madzi a m'botolo, osachepetsa madziwo kapena kuwonjezera shuga. Mwana wosakwana zaka 2 amamwetsedwa kota kapena theka la kapu nthawi iliyonse akatsegula, pang'onopang'ono, ndi supuni. Akasanza mumadikira mphindi 10 n'kuyambiranso mosathamanga. Zotsala zikatha maola 24 mumataya n'kusungunula zina. Piritsi la zinki, limodzi patsiku kwa mwana wopitirira miyezi 6, tinalisungunula ndi mkaka wa m'mawere pa supuni, ndipo limeneli limapitirizidwa masiku 10 mpaka 14 ngakhale kutsegulako kutasiya. Pamwamba pa zonse, bere. Mayi atamwa madzi ndi kudya, mphamvu zinabwerera, ndipo anamuyamwitsa pafupipafupi usiku wonse. Phala losunga tinalileka. Anadya nthochi yosenda ndi kuphwanya pomwepo.

Tinagwirizana ndi kondakitala kuti zinthu zikaipa titsika pa Harare kukafuna chipatala, katundu apitirire. Malire tinaika awa: akakana kuyamwa, akamasanza chilichonse, chimbudzi chikaoneka magazi kapena chikakhala ngati madzi otsukira mpunga, akakomoka, kapena akalefuka moti osadzuka. Pa Harare anali akuyamwa, ndiye tinapitirira. Supuni, supuni, basi ikugwedezeka, theka likutayikira pa kanzu. Cha m'bandakucha, titadutsa Masvingo, mayi a kunyumba anatigwedeza paphewa n'kutisonyeza thewera lolemera. Ife amene timaphunzitsa ana mmene angadziyeretsere ku najisi, tsiku limenelo tinati Alhamdulillah mokweza chifukwa cha mkodzo.

Abale, chilolezo chimene tinachikana pa daku si maganizo a alangizi a zaumoyo. M'Surat Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185, Allah (SWT) walola wodwala ndi wapaulendo kumasula n'kudzabweza masikuwo, ndipo pomwepo akutidziwitsa kuti sakutifunira zovuta. Hadith ya Anas bin Malik Al-Ka'bi, imene ili mwa Tirmidhi ndi Abu Dawud, ikutchulanso woyembekezera ndi woyamwitsa. Ulendo umene umapereka chilolezochi, malinga ndi madh-hab a Imam Shafi'i amene ambiri kuno timatsatira, ndi wa makilomita pafupifupi 80. Wathu unali woposa 1,500. Mayi a kunyumba anali ndi zifukwa ziwiri zokwanira, ndipo chimene chinawatsekera njira chinali manyazi ndi kukhala chete kwa mwamuna wawo. Sitikunena kuti mayi aliyense woyamwitsa asasale. Ambiri amasala ali pakhomo, pamthunzi, mwana n'kumakula bwinobwino. Koma pamzere wa pa chipata, dzuwa lili paliwombo, ndi nkhani ina. Ndipo ife amuna tisamadikire kuti mkazi apemphe. Nthawi zambiri sapempha.

Ku Johannesburg tinakumana ndi yesero lina limene sitinaliyembekeze. Patatha masiku 9, mwana anatentha thupi usiku. Pakhomo onse anati ndi mano, ena anati ndi kusintha kwa mphepo, poti mzindawu uli pamwamba ndipo mu Epulo usiku kumayamba kuzizira. "Kuno kulibe malungo," anatero alamu athu, ndipo sananame: udzudzu wofalitsa malungo sukhala ku Johannesburg. Koma malungo munthu amayenda nawo m'magazi, ndipo amaonekera patatha sabata imodzi, ziwiri kapena kuposa chilumidwireni. Popeza kumeneko si matenda a tsiku ndi tsiku, wakuchipatala sangawaganizire msanga ngati simunanene kumene mwachokera. Ulendo uno sitinakhale chete. Kutangocha tinapita kukiliniki, ndipo mawu oyamba amene tinawauza anamwino anali akuti tachokera ku Malawi, m'mbali mwa nyanja, masiku 9 apitawo, ndipo tikupempha kuti amuyeze malungo. Anamubaya pachala, anawapeza. Anatipatsa mankhwala amene kwathu timati LA, kumeneko amati Coartem, kawiri patsiku kwa masiku atatu. Mayi a kunyumba anamasulanso masiku anayi pomudwazika, ndipo panalibe wotsutsa.

Achimwene anatuluka m'chipatala Eid isanafike, Alhamdulillah, ndipo tinaswali limodzi ku Mayfair. Titabwerera kumudzi mwana analandira katemera wake wa chikuku. Za masiku 6 aja tinakafunsa kwa Shehe wathu, ngakhale yankho tinkaliganizira. Anati awiri a paulendo ndi kubweza kokha, koma anayi amene anamasula chifukwa choopera mwana ndi kubweza pamodzi ndi fidya, muyeso wa mudd umodzi wa chakudya pa tsiku lililonse. Mpunga tinakapereka kwa mayi wina wamasiye wa pafupi ndi mzikiti. Masikuwo anawabweza mu Juni, Lolemba ndi Lachinayi, ndipo ife tinasala nawo limodzi.