Sikani yoyenda pachiwindi penipeni

Pakhonde lopita kufiyeta, m'chipatala china chachikulu ku Tokyo, pali makina ogulitsa zakumwa monga tiyi wobiriwira wa m'mabotolo. Achibale a wodwala akhala pabenchi pomwepo, matiyi ali m'manja osatsegula. Ine andibwereka nsapato za rabara zazing'ono, chidendene chatsala kunja. Chitseko amachitsegula polowetsa phazi pakabowo ka m'khoma.

M'kati mukuzizira, mukununkha nyama yowauka chifukwa cha mpeni wamagetsi woletsa magazi. Andiimika mamita awiri kuchokera patebulo, manja kumbuyo. Chiwindi ndi icho, chofiirira, chosalala, cholemera pafupifupi kilogalamu ndi theka. Chotupa sichikuoneka.

Dokotala wathira madzi amchere pachiwindipo n'kutenga kachipangizo ka sikani kokhala ngati chilembo T, kokwana pakati pa zala ziwiri. Ndi sikani ija ya amayi oyembekezera, kungoti pano palibe khungu, mafuta kapena nthiti zotchinga, ndiye akamakatsetsereza pang'onopang'ono kuchoka kumanja kupita kumanzere, mitsempha ikutuluka pasikirini yakuda bii, ikugawikana, ndipo akayatsa Doppler magazi akuoneka ofiira ndi abuluu malinga ndi komwe akulowera. Chotupa cha khansa chomwe sikani ya CT inaonetsa chapezeka. Kenako dzanja laima. Pali kena. Kamamilimita ochepa chabe, kotsamira mtsempha.

Amene akundiperekeza akundinong'oneza kuti luso limeneli analikulitsa ndi Masatoshi Makuuchi, mumzinda womwewu, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Mapu a chiwindi omwe amatsatira ndi a Claude Couinaud wa ku France, yemwe mu 1957 anagawa chiwindi m'zigawo 8, chilichonse ndi mtsempha wake. Poyang'ana sikaniyo, dokotala wabaya singano mumtsempha umodzi n'kulowetsa utoto. Chigawo chimodzi chasanduka chabuluu, malire ake ali poyera. Apa ndiye ndagoma.

Kudulako kumatopetsa woonerera. Amapana mitsempha yolowetsa magazi kwa mphindi 15, n'kumasula mphindi 5, namwino akulengeza nthawi mokweza, ine msana ukuwawa. Chigawocho chitagwera m'mbale, dokotala wabwezanso sikani pachiwindi chotsalacho kuti aone ngati magazi akulowa ndi kutuluka bwino, kenako wapempha ulusi wosokera.