Tsiku limene ndinati boma silikutsutsa

Kumudzi akamva zoti ndine loya wa boma amangoti ntchito yanga ndi kumangitsa anthu basi. Malume mpaka lero amanditcha wapolisi wovala tayi. Sadziwa kuti Lolemba ndimakhala ku khoti la za ntchito pa nkhani ya mlonda wochotsedwa osamumva mbali yake, Lachitatu ndili ndi dandaulo la mayi woyenda pa njinga ya olumala amene akulephera kukwera masitepe a ku ofesi kwake.

Koma milandu yondisowetsa tulo ndi ya anthu omangidwa kale. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, khoti lalikulu linagamula kuti n'kuphwanya malamulo oyendetsera dziko kumangopereka chilango cha imfa kwa aliyense wopha munthu, woweruza osamva kaye mmene zinakhalira. Mu 2015 akaidi aja anayamba kubwerera kukhoti kuti zilango zawo ziunikidwenso, ndipo fayilo ina inagwera pa tebulo langa. Fayilo yake iti? Mapepala anayi, enanso atadyedwa ndi chiswe. Mboni zinatha kufa kalekale.

Bamboyo analowa mutu uli mbuu ndi imvi, chipewa chili m'manja ngati ali m'tchalitchi. Kumbuyo kunakhala mlongo wake wa malemu uja, nayenso wokalamba, maso ali pa ine, poti wakufa womuyankhulira wake ndi loya wa boma.

Ndinaimirira n'kunena kuti boma silikutsutsa zoti atulutsidwe.

Panja mayi uja anandigwira mkono. "Mwana wanga, ndiye kuti achimwene anga aja anangofa ngati nkhuku?"

Ndinangoti, "Pepani amayi." Mpaka lero mawu ena sindinawapeze.