Sabata Linandipeza Ndili M'sitolo ku Manchester

Mng'ono wanga atabereka mwana wake wachisamba ku Manchester, banja linagwirizana kuti ndipite ine ndikamuthandize, popeza amayi athu miyendo siwalolanso ulendo wautali. Ndinanyamuka ku Kawale mu Disembala mvula itayamba, ndipo ndinakhalako miyezi itatu. Chibwerereni, amayi angapo a mumpingo mwathu, ena a ku Biwi ndi ku Area 23 omwe ana awo ali ku UK, akhala akundifunsa ndikamawayeza BP kuti akonzekere bwanji. Ndiyambe ndi chimene chinandichititsa manyazi.

Lachisanu loyamba ndinatuluka ndekha cha m'ma 3 koloko kukagula za Sabata, mng'ono wanga ali m'tulo ndi khanda, alamu ali kuntchito. M'sitolomo ndinkayenda mwachifatse, n'kumawerengera mtengo uliwonse m'makwacha. Potuluka ndinapeza kunja kutada, magetsi a mumsewu atayaka, wotchi ikuti 4:20. Sabata linali litalowa ine ndili pamzere wolipira.

Kuno ku Lilongwe dzuwa limalowa pakati pa 5:20 ndi 6:20 chaka chonse, moti Lachisanu sitiyang'ana n'komwe wotchi. Ku Manchester mu Disembala limalowa cha m'ma 3:50 ndipo limatuluka 8 koloko itadutsa. Mu Juni zimatembenuka, limalowa cha m'ma 9:40 usiku, ana n'kugona musanatsekere Sabata. Masiku ambiri dzuwalo simuliona chifukwa cha mitambo, choncho nthawi yake muziyang'ana pafoni sabata iliyonse. Ine kuchokera tsiku limenelo zogula ndi zochapa ndinkamaliza Lachinayi, Lachisanu n'kungotsala ndi zophika za m'mawa.

Kusowa kwa dzuwaku kumakhudzanso thupi. Khungu lathu limapanga vitamini D likawombedwa ndi dzuwa, ndipo vitaminiyu amalimbitsa mafupa. A zaumoyo kumeneko amalangiza aliyense kumwa mamaikilogalamu 10 tsiku lililonse m'miyezi yozizira, ndipo a khungu lakuda ngati ife chaka chonse. Amagulitsa m'mafamase popanda kalata ya dokotala. Ndinkayesetsanso kutuluka masana kukayenda mphindi 30, ngakhale kukuwaza, chifukwa kubindikira m'nyumba mdima uli ponseponse kumagwetsa mtima. Kuzizira kwake musakuyerekeze ndi Juni wa ku Dedza. Jekete yochindikala ndinaigula pa kaunjika wa pa Tsoka ndipo inandisunga, koma chimene chimathandiza kwambiri n'kuvala zovala zingapo zopyapyala mophatikiza, kuti mukalowa m'basi kapena m'nyumba yotenthetsedwa muzivula china. Musaiwale chipewa, magolovesi ndi nsapato zosaterera.

Tibwerere kuno musananyamuke. Viza ya mlendo imalola kukhala mpaka miyezi 6, ndipo silola kugwira ntchito, ngakhale kaganyu. Yambani kuifunsira nthawi ikadalipo. Amene mumamwa mankhwala a BP kapena a shuga, tengani okwanira ulendo wonse, m'mapaketi ake enieni, pamodzi ndi kalata ya dokotala yotchula dzina la mankhwalawo. Muwaike m'chikwama cha m'manja. Sutikesi imatha kutsalira panjira masiku angapo, ndipo BP siyembekeza sutikesi.

Kuchoka pa bwalo la ndege la Kamuzu palibe ndege yolunjika ku UK. Ambiri amadzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Ine ndinadzera ku Addis Ababa, ndipo kuchoka kumeneko kukafika ku Heathrow ku London ndi maola pafupifupi 8 muli pampando. Kukhala chikhalire nthawi yaitali chonchi kumatha kuundanitsa magazi m'mitsempha ya m'miyendo, makamaka kwa achikulire, onenepa ndi amayi oyembekezera. Pemphani mpando wa m'mbali mwa kanjira, muziimirira n'kuyendako, muzigwedeza mapazi, ndipo madzi muzimwa osachita manyazi ndi kupita kuchimbudzi. Mukafika, mwendo umodzi n'kutupa ndi kupweteka, kapena mukayamba kubanika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chakudya chopanda nyama m'ndege amapereka, koma muuziretu pogula tikiti. Mukanena muli m'mwamba, mudzangodya buledi.

Achibale adzakusenzetsani katundu wa ana awo. Nyama ndi mkaka, kaya wa ufa, saloledwa kulowa nazo kuchokera kuno, ndipo mukane mwaulemu. Nsomba zouma amalola, moti usipa wanga unafika bwino. Ufa wa nsima umapezeka m'masitolo a zakudya za ku Africa ndi ku Asia, ndipo nyemba, mphodza, kabichi ndi oats zili paliponse. Chovuta ndi nkhumba, chifukwa imabisala. Masoseji ambiri ndi a nkhumba, ndipo gelatine wa m'maswiti ndi m'mayogati ena kawirikawiri amachokera ku nkhumba. Werengani kuseri kwa paketi, ndipo mawu akuti pork, ham, bacon, lard ndi gelatine muwaloweze. Paketi yolembedwa kuti vegetarian imakupulumutsani ku zonsezi. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa.

Zina n'zofanana ndi kwathu. Pulagi ndi yomweyi ya mano atatu, magalimoto amayendera kumanzere, ndipo nthawi yozizira wotchi yawo imatsalira maola awiri okha. Koma ndalama ya pamanja ikuchepa ntchito. Mabasi a mu London sailandira, choncho mwana wanu akukonzereni khadi.

Tsiku la 9 ndinadzuka thupi likutentha, mutu ukuwawa. Mng'ono wanga anaimba 111, nambala ya matenda osakhala a ngozi. Ya ngozi ndi 999. Anayamba kufotokoza ngati chimfine, ine n'kumulanda foni. Ndinawauza kuti ndachokera ku Malawi masiku 9 apitawo, nyengo ya mvula. Mawu amenewa anasintha zonse, anatiuza kuti tipite kuchipatala akandiyeze malungo. Dokotala wa kumeneko saganiza msanga za malungo pokhapokha mutamuuza kumene mwachokera, pamene malungo athu amatha kupha m'masiku ochepa. Ku England chithandizo cha kumalo a ngozi n'chaulere kwa aliyense, koma pa matenda ambiri mlendo akagonekedwa amalipira 150 peresenti ya mtengo wake. N'chifukwa chake inshulansi ya paulendo ndimaiika pamodzi ndi tikiti.

Magazi anatuluka opanda malungo, chinali chimfine ndithu. Tinafika kunyumba Lachisanu 3:15, ndipo alamu anali ataphika kale.